Phunziro la Mwezi Uno: Za Odwala Maganizo Amene Abwerera-bwerera ku Chipatala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, phunziro lathu la mwezi uno liri la nthenda yina ya m'maganizo, ndi la zifukwa zimene zibwezera odwala ache ku chipatala kawiri kawiri, angakhale anatulukako ali bwino. Akuru a Mpingo ndi amai a Mvano aliwerenge pamodzi, nayankhe mafunso ali kumapeto.

1. Za nyumba ya odwala ya ku Zomba

M'chaka cha 1910 Boma la Nyasaland linatsegula malo osungiramo odwala misala ku Zomba. Malowo anali mbali ya ndende yaikuru, ndipo owayang'anira anali anthu a ndende. Chipatala chimene tichidziwa lero, cha Zomba Mental Hospital, chinatsegulidwa m'chaka cha 1953, ndipo chilandira odwala ochokera m'maboma ambiri a dziko lino. Pamwamba pa phiri la Zomba pali Dzenje la Chingwe, limene akuru asimba kuti kale lomwe anthu osafunidwa anaponyedwamo. Mwambo wotere unatha, ndipo tiyamika Mulungu. Koma munthu akamtula mbale wache pa chipata cha chipatala, nabwerera kwao osamkumbukiranso, kodi mtima wache usiyana kwambiri ndi wa aja akale?

2. Nthendayo ndi yotani?

Madotolo aichula m'Chingerezi borderline personality disorder. Dotolo wa ku New York, Adolph Stern, analemba za odwala otere m'chaka cha 1938, ndipo m'chaka cha 1980 nthendayo inalowa m'buku la maina a nthenda la madotolo a ku America. Mwa anthu 100 igwira mmodzi kapena awiri. Koma m'zipatala za odwala maganizo za ku Ulaya ndi ku America, monga mmodzi mwa asanu ogonekedwa ali nayo.

Wodwalayo sayenda-yenda m'misika osabvala, iai. Azindikira anthu, alima, awerenga, aimba m'kwaya. Chombvuta ndicho mtima wosakhazikika. M'mawa ali wokondwa, pofika madzulo wagwa m'chisoni chachikuru kapena m'ukali woopsa, chifukwa cha mau amene ena sakadawasamala. Aopa kopambana kusiyidwa ndi iwo amene awakonda. Lero amtamanda mnzache, mawa amuda. Amva m'kati mwache monga mulibe kanthu, nachita zinthu mwaphuma, osaganizira za mawa. Ambiri adzicheka kapena kumwa mankhwala oopsa pamene ululu wa mumtima wawakulira, ndipo ena afa nako.

Nthendayi iyamba kuoneka pa unyamata kapena pa utsikana. Madotolo apeza kuti mbali yina ichokera ku chibadwa, ndi mbali yina ku zowawa za ubwana, monga kumenyedwa, kugwiriridwa, kapena kukula wopanda womsamala. Koma si onse anaona zotere. Chifukwa chache tisathamangire kunena kuti walodzedwa, kapena kuti Mulungu amlanga.

3. Zimene ziwabwezera ku chipatala

Choyamba ndicho kusowa wompenyerera m'masabata oyamba atatuluka. Nthawi imeneyo ndiyo yoopsa koposa. M'chipatala anali ndi ora la kudya, ora la kugona, ndi anamwino omfunsa tsiku ndi tsiku; kumudzi zonsezi zitha tsiku limodzi. Ampatsa tsiku lakukaonana ndi namwino ku chipatala cha boma lache, koma njira ndi yaitali, ndalama ya galimoto palibe, ndipo tsikulo lipita. Pamene bvuto labuka, palibe wolizindikira msanga.

Chachiwiri ndicho kubwerera ku moto womwe unamtentha. Ngati pakhomo pali ndeu, kapena wampeza mwamuna wache atatenga mkazi wina, kapena ana a m'mudzi amtsata ndi kumchula wamisala, bala lija litsegukanso. Kwa munthu woopa kusiyidwa, kukanidwa ndi abale ndiko kowawa koposa zonse.

Chachitatu ndicho mowa ndi chamba. Ambiri amwa kachasu kuti aiwale ululu wao, koma mowa uchotsa kudziletsa kumene kunatsala, kotero kuti chimene munthu anangochiganiza usana achichita usiku ataledzera. Odwala amene ali ndi nthendayi pamodzi ndi kuledzera abwerera ku chipatala kopambana anzao.

Chachinai ndicho zimene zinachitika kale. Iye amene anagonekedwa kawiri kapena katatu, kapena amene anadzipweteka kale, ndiye woyenera kumsamala koposa, pakuti njira yoyendedwa kale ibvuta kuiwala. Ndipo pali chinanso chachisoni: ngati abale amvera munthu pokha pokha atadzipweteka, aphunzira kuti mau ache alibe mphamvu, ndi kuti chipatala ndicho malo okha omumvera.

Chachisanu ndicho nthenda zina zoyenda nayo pamodzi, monga chisoni chosatha chimene chimlanda munthu tulo ndi chilakolako cha chakudya, ndi mantha otsala m'mtima chifukwa cha zoopsa zakale. Zimenezi zikapanda kuchizidwa, munthu agwanso msanga.

Chachisanu ndi chimodzi ndicho kukhala chabe. Wotaya nchito kapena munda, amene adzuka m'mawa wopanda chomdikira, ali ndi tsiku lonse lakusinkha za mabvuto ache, ndipo umphawi uonjeza ndeu pakhomo.

Chachisanu ndi chiwiri ndicho kukhulupirira mankhwala okha. Kufikira lero palibe mankhwala akumwa kapena obaya amene achiza nthenda iyi yokha. Mankhwala athandiza pa tulo, pa chisoni, ndi pa masiku a bvuto lalikuru, ndipo wodwala asaleke kumwa popanda mau a dotolo. Koma chimene chichiza ndicho kuphunzira kuugwira mtima, mothandizidwa ndi anthu ophunzira nchitoyo. Mwa ichi madotolo ati kugona m'chipatala masiku owerengeka kupulumutsa moyo pa nthawi yoopsa, koma kukhalitsamo sikuchiza.

4. Chiyembekezo chiripo

Kale madotolo anayesa nthendayi yosachizika, koma tsopano adziwa kuti sikutero. Pa chipatala cha McLean, pafupi ndi mudzi wa Boston, mai Mary Zanarini ndi anzache anatsata odwala 290 kwa zaka 10. M'chaka cha 2010 anaulutsa kuti 93 mwa 100 anafika pakukhala zaka ziwiri nthendayo itazilala. Koma amene anafikanso pakugwira nchito bwino ndi kukhala bwino ndi anzao anali theka lokha. Apa pali phunziro kwa ife: dotolo akhoza kuchepetsa nthenda, koma nchito ndi chibale azipeza kumudzi.

Mai wina, Marsha Linehan wa ku Seattle, anakonza njira yakuphunzitsa odwala otere, nalemba buku lache m'chaka cha 1993. Awaphunzitsa zinthu zinai: kuzindikira chimene chiri mumtima pa nthawi yomweyo, kupirira ululu osadzipweteka, kuchepetsa ukali ndi chisoni zisanakule, ndi kulankhula ndi anthu mwa mtendere. Odwala ophunzira zimenezi adzipweteka pang'ono ndi kugona m'chipatala masiku ochepa. M'chaka cha 2011 maiyu anaulula poyera kuti iye mwini anagonekedwa m'chipatala cha odwala maganizo ali mtsikana. Amene anayesedwa wotayika anakhala mphunzitsi wa madotolo.

5. Chimene Mpingo uyenera kuchita

Werengani 1 Mafumu 19. Mneneri Eliya, atatopa ndi kuopa, anapempha kufa. Mulungu sanayambe ndi kumdzudzula. Anayamba wampatsa chakudya, madzi ndi tulo, pambuyo pache anamfunsa, namumvera, nampatsa nchito ndi mnzache Elisa. Werenganinso Luka 10: Msamariya uja sanangomtula wolasidwayo pa nyumba ya alendo, koma analipira, nalonjeza kubweranso. Tsono ife tichite motere.

Mbale akali m'chipatala, achibale akamzonde, ndipo pa tsiku lakutuluka afunse namwino za mankhwala, za tsiku lakubwerera, ndi kumene angathamangire pakagwa bvuto. Akuru a Mpingo asankhe anthu awiri odekha, osunga chinsinsi, kuti azimchezera pa tsiku lodziwika sabata ndi sabata, ali bwino kapena ali wobvutika. Akhale awiri, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo mmodzi akatopa nasiya, wodwalayo ayesa kuti watayidwanso. Musalonjeze chimene simungathe. Lonjezo laling'ono losungidwa liposa lalikuru losweka.

Tsiku lakukaonana ndi namwino likayandikira, Mpingo uthandize ndi ndalama ya ulendo, ndipo wina amperekeze. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adziwe za iye, mwini wache akalola. Mankhwala a makoswe, a m'munda ndi a m'nkhokwe atsekeredwe, ndipo mapiritsi ache asungidwe ndi mbale wokhulupirika. Mpatseni nchito yoti aithe, kaya m'dimba, kaya m'kwaya, kaya kusesa m'nyumba ya Mulungu.

Akakwiya, musabwezere ukali, ndipo musamseke. Muyambe mwabvomereza kuti ululu wache ndi weni weni, ndipo mlandu muukambe mtima utatsika. Kuona maso a nkhono nkudekha. Akanena za kufa, musati angofuna kuoneka. Mfunseni poyera ngati aganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikumpatsa maganizowo. Musamsiye yekha, ndipo mupite naye ku chipatala chapafupi tsiku lomwelo. Kubwerera ku chipatala pa nthawi yotere si manyazi. Mpemphererani ndithu, koma kummanga ndi zingwe, kummenya, kapena kumkaniza chakudya ndi mankhwala m'dzina la pemphero nkulakwira Mulungu ndi munthu yemwe.

Mafunso

1. Chulani zifukwa zisanu ndi ziwiri zobwezera wodwala ku chipatala. Nziti zimene mudzi wanu ukhoza kuzichotsa?
2. Mulungu anampatsa Eliya chiani asanamfunse kanthu?
3. Kodi mu Mpingo wanu alipo wotuluka ku chipatala amene sanachezeredwe? Adzapita ndani sabata ino?

Ambuye atipatse mtima woleza, kuti iwo amene abwera kwathu kuchokera ku Zomba apeze malo pakati pathu, nakhazikike.