Kodi “potluck” ndi phwando la mkute?

FUNSO: Aphunzitsi, kuntchito kwathu atiitanira ku “potluck”, akuti aliyense abwere ndi chakudya. Mnzanga akuti mawuwa amatanthauza zotsala zadzulo. Kodi mkute ndi wololedwa kumeneko? Wowerenga wa ku Lilongwe.

YANKHO: Wowerengayu aphike chatsopano, chokwanira kugawana ndi anzake. Koma mnzakeyo sanaphonye kwenikweni.

Pot ndi mphika, luck ndi mwayi. Mawuwa akupezeka kale m’zolemba za Thomas Nashe za mu 1592. Ku England masiku amenewo, mlendo wofika mwadzidzidzi sankamuphikira zapadera. Ankadya zimene wapeza mumphika, kaya nyama yonona, kaya msuzi wogona. Tanthauzo la phwando losonkherana linadzafalikira pambuyo pake ku America.

Mawu ambiri a mwayi m’Chingerezi anabadwira pa zinthu zogwirika ngati mphikawu. Chance anachokera ku Chilatini, cadere, kutanthauza kugwa, monga amagwera madayisi akaponyedwa. Hazard linali dzina la juga ya madayisi, ndipo Geoffrey Chaucer anaitchula m’buku la The Canterbury Tales. Popeza pa juga munthu amatha kubwerera chimanjamanja, mawuwa anayamba kutanthauza ngozi. Ndi omwewa amene madalaivala amatchula akayatsa mahazadi galimoto ikafa pamsewu.

Lot, m’Chingerezi chakale hlot, kanali kanthu kochitira maere. Lottery ndi m’bale wake. Yoyamba ya boma la England inachitika mu 1569, mu ulamuliro wa Elizabeth I, pakhomo la tchalitchi cha St Paul’s ku London.

Hobson’s choice ndi kusankha kopanda mwayi wosankha. Thomas Hobson, amene anamwalira mu 1631, ankabwereketsa mahatchi ku Cambridge. Poopa kuti mahatchi othamanga angatope chifukwa aliyense ankafuna omwewo, anaika lamulo: wobwereka atenge hatchi imene ili pafupi ndi khomo, akakana apite wapansi.

Mkute weniweni wa Angerezi uli ndi dzina lake, bubble and squeak. Ndi mbatata ya kachewere ndi kabichi zotsala pa nkhomaliro ya Lamlungu, zimene amazikazingira pamodzi Lolemba mpaka zitapsa mofiirira. Dzinalo linachokera pa phokoso limene zimachita zikamathetheka m’chiwaya.