Usatule malo usanagwire kalata

Mphwanga, mayi ako andiuza kuti sunathe n'komwe mwezi ku MUST, koma wayamba kale kunena zosamukira ku KUHeS kukaphunzira udokotala. Sindikukutsutsa. Ndingokuuza zomwe zinandionekera ine malume ako.

Ndili m'chaka choyamba pa koleji ina, mkulu wina wa sukulu yomwe ndinkaisirira anandiuza pakamwa kuti, "Bwerani, malo alipo." Ndinalongedza, ndinatsanzika anzanga, n'kukwera sitima ku Limbe kudzatsikira pa Khonjeni pano kuti ndidikire kalata. Mpaka lero kalatayo sinafike. Dzinja lonse ndinali ndi dengu kumsana pa esiteti, kuthyola tiyi, masamba awiri ndi kansonga, kapitawo akuwerenga makilogalamu pa sikelo. Agogo ako sanandikalipire. Anangoti mapanga awiri avumbwitsa, n'kundipatsa chipewa chawo.

Umvetse mmene malo amagawidwira. Bungwe la NCHE ndilo limayendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, potengera zotsatira za MSCE ndi mmene munthu anakhozera maphunziro omwe pulogalamuyo imafuna. Mayina akatuluka, mipando yatha. Wofuna kusamuka ndiye kuti akudikira mpando wa munthu amene sanabwere, ndipo ku udokotala, komwe amalimbirana ana a mapointi 6, 7 ndi 8, ndani angasiye mpando wake? Kumbukiranso kuti kuyambira mu 2021, KUHeS, MUBAS ndi UNIMA ndi mayunivesite osiyana, iliyonse ndi malamulo ake. Ina siikakamizidwa kuwerengera zomwe waphunzira kwina. Ikhoza kukulandira koma n'kukuyambitsanso chaka choyamba.

Chopepukirapo ndi kusintha pulogalamu pa yunivesite yomwe ulipoyo. Lembera kalata a Registrar kudzera kwa mkulu wa dipatimenti yako, ndipo uchite msanga semesita isanapite patali. Usunge kope lodindidwa. Zongouzana m'khonde zimauluka ndi mphepo.

Cholakwa chachikulu chomwe ndimaona kwa ana ambiri n'chakuti mtima ukangochoka, amaleka kulowa m'kalasi. Amaiwala kuti mboni yokhayo imene ali nayo ndi magiredi a semesita yoyamba. Dipatimenti iti ingatsegulire khomo munthu amene walephera masamu kumene akuchokera? Ngati ukufunadi kuchoka, khoza ngati munthu amene sachoka.

Ukafuna kufunsiranso malo kudzera ku NCHE, yamba wafunsa ngati amalola munthu amene ali kale pa sukulu. Ukaganiza za makoleji omwe si aboma, yamba waona ngati NCHE inavomereza kolejiyo ndi pulogalamu yakeyo, chifukwa pali mapepala ena okongola amene sapezetsa ntchito. Za ngongole ya fizi, ukafunse wekha ku Loans Board kuti zidzayenda bwanji ukasamuka. Usangoganiza kuti idzakutsata. Ndalama ya mayi ako ya pa fotinaiti ukuidziwa.

Ndiye pali ichi chomwe mwina sukufuna kumva. MUST inatsegulidwa mu 2014 ku Ndata, m'boma lathu lomwe lino la Thyolo, ndipo ndikukayikira kuti china chikukunyansa n'chakuti ili pafupi ndi kwanu, sunalawe za m'tauni. Ngati ndi choncho, Blantyre sathawa. Ngati ndi udokotala weniweni, ubwere Loweruka ndi pepala la zotsatira zako za MSCE, tidzaone giredi ya Biology ndi Chemistry tisanalembe kalikonse.