PHUNZIRO LA MWEZI UNO: WOTCHI YOGONA M'SUTIKESI

Kuwerenga: Mateyu 25:14-30

Amayi anzanga mwa Ambuye,

Tsiku lina titaweruka ku msonkhano wathu kuno ku Namitambo, mayi wina wamasiye anandionetsa wotchi ya pamkono ya malemu amuna ake. Anali atayisunga m'sutikesi zaka zinayi. Wokonza mawotchi ku Limbe atayitsegula anapeza kuti batire inatuluka madzi ndi kudya za m'kati. Mayiyu ankati akusunga, koma anali atakwirira, monga kapolo wachitatu wa m'fanizo lija.

Pa ntchito yanga ya unamwino wotchi inali chida chopulumutsira moyo. Lero ambiri timaona nthawi pa foni, koma foni imatha moto. Wotchi ya muvi wa masekondi ingatithandize poyendera odwala.

Kasungidwe kake

1. Mukavula, ipukuteni thukuta ndi kansalu kouma, muyiyike m'kabokosi kakekake, osati pamodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo.
2. Chinyezi ndiye mdani wamkulu. Nthawi ya dzinja ndi ya chiperoni musayisiye pawindo, pansi kapena kubafa. Lamba wachikopa amachita nkhungu, zitsulo zimachita dzimbiri.
3. Musayiyike pamwamba pa wailesi. Maginito a m'sipika amasokoneza kayendedwe kake.
4. Batire ikatha, isagonemo. Ngati simuvala miyezi yambiri, wokonza ayichotseretu.
5. Wotchi yopukusa muziyipukusa kamodzi pa mwezi. Ikayamba kulimba, lekani.
6. Timabatire timeneti tisakhale pofika ana. Mwana akameza kamodzi, kangathe kuotcha kummero m'maola ochepa. Thamangani naye ku chipatala, musamusanzitse.

Ntchito ya wotchi yosungidwa bwino

Mwana akamatsokomola, dikirani akhale chete, osalira. Muvuleni pachifuwa, muwerenge kapumidwe kake mphindi imodzi yathunthu. Kukwera ndi kutsika kwa chifuwa ndi kupuma kumodzi. Akupuma mofulumira ngati mwapeza:

- 60 kapena kuposa, kwa khanda losakwana miyezi 2;
- 50 kapena kuposa, kuyambira miyezi 2 mpaka 11;
- 40 kapena kuposa, kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 5.

Chikhoza kukhala chibayo. Musadikire kuche, pitani naye ku chipatala cha Namitambo kapena cha boma ku Chiradzulu. Ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati pokoka mpweya, kapena akukana kuyamwa, musatayenso nthawi ndi kuwerenga.

Zokambirana

(a) Ndani mwa ife ali ndi wotchi yogona kunyumba? Sabata ya mawa tibwere nazo, tiphunzitsane kuwerenga kapumidwe.
(b) Ndi mphatso ziti zina zimene takwirira poganiza kuti tikusunga?

Pemphero: Atate, tiphunzitseni kusamala zimene mwatipatsa, kuti zitumikire odwala ndi ana athu. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.