Yamba ndi 561

Mphwanga, akuti akupatsa ntchito younika code ya anzako mu pulogalamu ya masamu, ndipo gawo lako ndi la manambala a prime, aja osagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni. Usakomedwe pulogalamu ikayankha bwino pa 7, 13 kapena 97. Amenewo ndi manambala ofatsa, savutitsa munthu.

Ine ndimayamba ndi 561. Ndi 3 kuchulukitsa ndi 11 kuchulukitsa ndi 17, koma ukaipima ndi njira ya Fermat imavala nkhope ya prime pa maziko onse amene sagawana nayo kanthu. Ndiyo yaing'ono kwambiri mwa manambala a Carmichael. Wolemba code akati wagwiritsa ntchito njira ya Miller-Rabin, mpatse 2047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Ngati maziko ake ndi 2 yekha, yampusitsa. Akawonjezera 3, 5 ndi 7, 3215031751 ikumudikira kutsogoloko. Tsono mufunse kuti maziko wasankhawo ndi odalirika kufika pa nambala iti, ndipo umboni wake uli kuti. Akangoti wayesa manambala ambirimbiri, usavomereze, ngakhale akhale wamkulu kwa iwe.

Ine ndinapsa pa kanthu kochepa. Ndinavomereza code yochulukitsa manambala awiri kenako n'kutenga chotsala pogawa. Masamu ake anali olondola, ndinawerenga kawiri. Chimene sindinaone n'chakuti manambala akakula, zotsatira zinkasefukira mabiti 64, kompyuta n'kudula mutu wa nambalayo mwakachetechete. Sinadandaule, sinaime. Inangopereka bodza ili phee. Anatulukira zimenezi ndi mnyamata amene ndinkamuphunzitsa ndekha, ndipo mpaka lero ndikamuona ndimayang'ana kumbali pang'ono.

Yesanso 0, 1 ndi manambala a pansi pa ziro. Chotsala cha -7 pogawa ndi 3 ndi -1 mu C, koma mu Python ndi 2. Anthu osamutsa code kuchoka uku kupita uko amagwa pamenepa kawirikawiri.

Makina nawonso usawakhulupirire mopitirira. Mu 1994 Thomas Nicely wa ku Lynchburg College ankawerengera ma prime amapasa, aja osiyana ndi 2, ziwerengero n'kumasemphana. Anafufuza code yake, anayesa makompyuta ena, mpaka anapeza kuti purosesa ya Pentium ndiyo inkalakwitsa pogawa. Intel inataya madola 475 miliyoni pa nkhaniyo.

Choncho yankho lililonse uzilifananiza ndi la pulogalamu ina. Koma yamba wafufuza kuti inayo ndi inadi. SageMath, imene William Stein anaiyamba mu 2005, ntchito zambiri za ma prime imazipereka kwa pulogalamu ya PARI pansi pake. Ukafananiza ziwirizo n'kuona kuti zagwirizana, wafunsa mboni imodzi kawiri.