Malangizo: Mfundo za m'minofu

Inu alimi a fodya ku Mwazisi ndi ku Bolero, mwawerama ku nazale kuyambira m'bandakucha, mwasenza makeni a madzi, ndipo usiku msana ndi mapewa zikukana kugona.

Pempho langa ndi ili: musateme mphini. Gwirani pomwe pakupwetekapo. Nthawi zambiri mupeza kamfundo kolimba ngati nyemba, ndipo mukakadina ululu umathamangira kukhosi kapena kumwendo. Umenewo ndi mnofu womwe wakungika ndipo ukukana kumasuka.

Njira yochizira mfundo zoterezi imatchedwa myotherapy, ndipo anaiyambitsa ndi mayi Bonnie Prudden ku America mu 1976. Wina akudineni pamfundopo ndi chala chachikulu kapena chigongono kwa masekondi 7, mwamphamvu koma osati mpaka kukuliritsani. Akasiya, wongolani mnofuwo pang'onopang'ono, kenako thowani ndi madzi ofunda. Kuwongolako musakudumphe, chifukwa popanda iko mfundo ija imabwerera msanga.

Koma tamverani bwino apa. Ngati mwabinya lero kapena dzulo ndipo patupa, musatikite, musathowe. Ikani nsalu yoviika m'madzi ozizira ndipo mupumitse chiwalocho masiku 2.

Ululu ukabwera ndi dzanzi m'miyendo, kutentha thupi, kuonda, thukuta la usiku kapena kulephera kugwira mkodzo, si nkhani ya kutikita ayi. Chifuwa chachikulu chimagwiranso msana. Pitani kuchipatala cha Mwazisi lero lomwe. Kukafunika akutumizani ku Rumphi kapena ku Mzuzu Central, komwe kuli akatswiri a mafizo.