Martini pa Makokola: mafunso ndi mayankho

Kodi martini n'chiyani?

Ndi jini wosakaniza ndi vermouth, basi. Vermouth ndi vinyo wothiridwa zitsamba zonunkhira ndi mowa waukali pang'ono. Wofiira, wotsekemera uja, anayambira ku Turin, ku Italy, mu 1786. Mu martini mumalowa woyera, wosatsekemera.

Malawi Gin angachite?

Kwambiri. Alendo ofika ku Makokola Retreat kapena ku Sunbird Nkopola amamudziwa ndi toniki, koma jini wathuyu sasowa kubisala kumbuyo kwa shuga. Muyeseni ndi vermouth, mumve fungo lake lenileni.

Muyezo wake ndi wotani?

Wodziwika padziko lonse ndi mamililita 60 a jini ndi 10 a vermouth. Ngati ndi koyamba, thirani vermouth 20, imafewerapo pakhosi.

Ndikhutchumule kapena nditakase?

Takasani. James Bond wa m'mafilimu amafuna yokhutchumula, koma kukhutchumula kumaswa madzi oundana, chakumwa n'kuchita mbuu. Kuno nkhaniyi ndi yaikulu. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la Mangochi limasungunula madzi oundana musanatsegule n'komwe botolo, ndiye tizidutswa tating'ono timangosukulutsa jini. Tengani zidutswa zikuluzikulu zongochoka mufiriji, dzazani jagi, thirani jini ndi vermouth, takasani ndi supuni yaitali kwa masekondi 30. Kenako sefelani m'galasi lomwe linagona mufiriji. Pomaliza finyirani khungu la ndimu pamwamba kuti mafuta ake agweremo. Ine ndimati martini yofunda si martini ayi.

Bwanji yanga ikumveka ngati yosasa?

Vermouth wawonongeka. Ndi vinyo, sakhalitsa ngati jini, ndipo pashelefu yotentha ya kunyanja amaguga msanga. Mukatsegula, sungani mufiriji ndipo mumalize pasanathe mwezi umodzi kapena iwiri.

Pali mitundu ina?

Yambiri. Mukaponyamo kaanyezi koviikidwa mu viniga m'malo mwa ndimu, ndi Gibson. Mukathira timadzi tamchere ta m'botolo la maolivi, ndi Dirty Martini, yomwe imayenda bwino ndi chambo chootcha. Mukagawa vermouth pakati, theka wofiira theka woyera, ndi Perfect. Palinso msuweni wake Negroni: jini, vermouth wofiira ndi Campari, zonse mofanana, ndi kagawo ka lalanje. Imeneyi yokha imamwedwa madzi oundana ali momwemo.

Ndingamwe zingati?

Kagalasi kake kamanamiza. Jini amakhala ndi ukali wa pafupifupi 40 pa 100, ndipo muno mulibe toniki womuchepetsa mphamvu. Imodzi ikwana, ziwiri ndiye malire, ndipo muyambe mwadya. Osafika zaka 18 asayandikire. Mukamwa, chonde musalowe m'nyanja kukasambira, musakwere bwato, ndipo kiyi wa galimoto mupatse wina amene sanalawe, chifukwa msewu wa Mangochi kupita ku Monkey Bay umadzaza ndi njinga ndi anthu oyenda pansi madzulo.