Kodi kadaulo wa makompyuta amadziwika ndi chiyani?

M'misika yambiri ya m'boma lino muli tsopano timashopu momwe achinyamata amakonza mafoni, kuika nyimbo m'mamemori khadi, kutayipa makalata ndi kusindikiza zithunzi. Ku ofesi za khonsolo, kuzipatala ndi kusukulu zina za sekondale nako kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuyang'anira makompyuta. Onsewa amangotchedwa ndi dzina limodzi lakuti "a zamakompyuta", ndipo makolo ambiri akaona mwana wawo akutobwanya foni mwachangu amafulumira kunena kuti pakhomo pabadwa katswiri. Phunziro lino likufotokoza kusiyana kwa munthu wodziwa kugwiritsa ntchito makina ndi munthu woyenera kutchedwa kadaulo pa ntchitoyi. Nkhaniyi ikukhudza aliyense, pakuti mayina, ndalama ndi zinsinsi za anthu a m'mawodi zili tsopano m'manja mwa anthu otere.

M'chaka cha 2017, bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo kuti alandire chiphaso cha unzika. Munthu aliyense anasiya dzina, chithunzi, zidindo za zala, mudzi ndi mfumu yake. Chiphasocho ndi chimene chimafunika polembetsa simu khadi, potsegula akaunti ku banki ndi pogula feteleza wotsika mtengo. Mayina a mabanja olandira Mtukula Pakhomo ali m'kaundula wa pakompyuta. Ndalama za Mpamba ndi Airtel Money zimayenda ngati manambala chabe. M'zipatala zambiri, mbiri ya munthu wolandira mankhwala a ma ARV imalembedwa pamakina. Kale wofuna kuba mafayilo a boma lonse akanafunika ngolo ndi usiku wathunthu. Lero zonsezo zimakwana m'kafulashi kochepa ngati chala, ndipo mwini dzina sangadziwe n'komwe kuti zatengedwa.

Maphunziro ndi poyambira chabe

Ntchitoyi ili ndi nthambi zingapo. Pali olemba mapulogalamu, olumikiza makompyuta pa netiweki, osamalira kaundula, oteteza makina kwa akuba a pa intaneti, ndi okonza zipangizo zikawonongeka. Maphunziro ake amapezeka ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo, ku Mzuzu University, ku University of Malawi ku Zomba, ku NACIT, komanso m'makoleji a ntchito zamanja omwe ali pansi pa TEVETA. Satifiketi ndi yofunika, koma pa ntchito imeneyi imakalamba msanga. Munthu amene anaphunzira pa Windows 7 n'kulekera pomwepo akugwira ntchito ndi pulogalamu imene kampani ya Microsoft inasiya kuitumizira zotchingira mavairasi mu Januwale 2020. Kadaulo amawerengabe ngakhale atalembedwa ntchito, ndipo ambiri amakumana ndi anzawo kudzera m'bungwe la ICT Association of Malawi.

Namwino asanayambe kugwira odwala amalembetsedwa kubungwe loyang'anira anamwino ndi azamba. Pamsika zinthu sizili choncho: utoto ndi thabwa zimakwanira kuti munthu adzilembe kuti ndi katswiri. N'chifukwa chake anthu ayenera kuyang'ana makhalidwe a munthuyo pa ntchito kuposa chikwangwani chake.

Wosunga makiyi

Mu ofesi iliyonse yokhala ndi makompyuta mumakhala munthu mmodzi kapena awiri amene angathe kutsegula paliponse. Angathe kuona malipiro a bwana, kalata yodzudzula wantchito mnzake, mndandanda wa mabanja osauka, ngakhale zotsatira za magazi za mkazi wa mnansi wake. Palibe loko womuletsa, chifukwa loko amaika ndi iye mwini. Apa ndi pamene ukadaulo umayesedwa. Kadaulo amatsegula fayilo pokhapokha ntchito itafuna, ndipo zimene waona sazitengera kumowa, kumaliro kapena kuchipinda. Wokonza mafoni pamsika naye ali pa mayeso omwewo. Mayi akasiya foni yosweka galasi, sanapereke chilolezo choti zithunzi ndi mauthenga ake aziwerengedwa, ndipo pokonza galasi sipafunika nambala yachinsinsi ya Mpamba.

Dziko lino linaphunzira za makiyiwa mowawa. Mu 2013 kunaululika kuba kwa ndalama za boma komwe kumadziwika kuti Cashgate. Ndalama zinkatuluka kudzera pa makina oyendetsera chuma cha boma otchedwa IFMIS: malipiro ankalowetsedwa m'dzina la makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse, macheke n'kutuluka, kenaka zolembedwazo n'kufufutidwa. Kampani yowerengera ndalama ya Baker Tilly inapeza kuti pakati pa Epulo ndi Seputembala chaka chimenecho panasowa ndalama zoposa K13 biliyoni, ndipo mayiko othandiza anaimitsa ndalama zomwe ankaika m'bajeti ya boma. Kompyuta sinabe kanthu. Inachita zimene anthu okhala ndi mawu achinsinsi anaiuza.

Pa chifukwa ichi kadaulo amaumirira pa zinthu zimene anzake mu ofesi amaziona ngati zotopetsa. Amafuna kuti aliyense akhale ndi dzina lake ndi mawu akeake achinsinsi, m'malo moti ofesi yonse izilowera pa dzina limodzi lolembedwa pakapepala komatidwa pakhoma. Amatseka akaunti ya munthu tsiku lomwe wasamutsidwa kapena wapuma pa ntchito. Amaonetsetsa kuti makina akulemba yemwe wasintha chinthu ndi nthawi yake, ndipo iye mwini amalola kuti zochita zake zilembedwe chimodzimodzi. Mkulu wina akamuuza pakamwa kuti achotse dzina lina pa mndandanda wa olandira thandizo n'kuikapo la m'bale wake, amapempha kuti lamulolo libwere polemba, losainidwa, ndipo ngati n'losemphana ndi ndondomeko amakana. Kukana kotere kumadula: munthu angathe kudedwa, kumanidwa maulendo a alawansi, kapena kusamutsidwira kutali. Komabe dzina lochotsedwalo ndi la banja lenileni, lomwe mwezi umenewo lidzabwerera chimanjamanja.

Ntchito yosaoneka

Gawo lalikulu la ntchito yabwino pa makompyuta silioneka, chifukwa zipatso zake ndi mavuto omwe sanachitike. Kadaulo amasunga kope lina la kaundula aliyense pamalo osiyana ndi pomwe pali kompyuta, ndipo nthawi ndi nthawi amayesa ngati kopelo likutseguka. Kope losungidwa m'kabati ya chipinda chomwecho limapsa ndi moto womwewo ndi kunyowa ndi madzi omwewo. Amene anaona namondwe Freddy m'maboma a kummwera mu Marichi 2023 akudziwa kuti madzi sasankha pakati pa nyumba ndi ofesi. Kuthimathima kwa magetsi nako kumaononga makina pang'onopang'ono, motero pempho la batire yotetezera kompyuta si kufuna zapamwamba, ngakhale makomiti a bajeti amakonda kuyamba kudula pomwepo.

Amalembanso zimene wachita. Pali anthu ena aluso ndithu amene amabisa dala mmene analumikizira makina, kuti ofesi isathe kuyenda popanda iwo. Oterowo akadwala kapena akapeza ntchito ku Lilongwe, chipatala kapena sukulu imatsala ndi makina okhoma omwe palibe angawatsegule. Mmisiri womanga mjigo amaphunzitsa komiti ya madzi kusintha mphira, ndipo kadaulo wa makompyuta naye amasiya buku ndi munthu wophunzitsidwa.

Chizindikiro china ndi kunena zoona za malire a nzeru zake. Wokonza zipangizo si wolemba mapulogalamu, monga momwe dokotala wa mano sachitira opaleshoni ya maso. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa makompyuta phulalo amadya ndi mwini makina: foni imene inangofuna batire imabwerako itafa, mafayilo a zaka zisanu atafufutika. Kadaulo amanena mtengo asanayambe, amabweza chipangizo chakale chimene wachotsa, ndipo amafotokoza vuto m'Chichewa chomveka. Wochulukitsa mawu a Chingerezi kwa gogo amene wabwera ndi foni yake kawirikawiri amakhala akukonza mtengo, osati foni.

Zimene malamulo akunena

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makina a munthu wina popanda chilolezo, kusokoneza zomwe zasungidwamo, ndi kuzunza anthu pa intaneti. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limafuna kuti wotolera mbiri ya anthu akhale ndi chifukwa chovomerezeka, aigwiritse ntchito pa chifukwa chokhacho, ndi kuiteteza. Bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woyang'anira zimenezi. Mawu akuti "ndinatumidwa ndi bwana" sachotsa dzina la munthu pa zomwe makina analemba.

Makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC amakumana ndi nkhaniyi pamene bungwe labwera kudzalemba mayina pa tabuleti, kapena pamene sukulu yalandira makompyuta ndipo pakufunika wowayang'anira. Pa nthawi zotere komiti ili ndi ufulu wofunsa kuti mayinawo akupita kuti, adzawaona ndani, ndipo adzasungidwa mpaka liti. Ingafunsenso kuti munthu amene dzina lake lalembedwa molakwika akadandaule kwa yani, ndiponso kuti mawu achinsinsi a makinawo adzasiyidwa kwa ndani pulojekiti ikatha. Mayankho ake alembedwe m'maminitsi a msonkhano, ndipo kope lake lipite kwa khansala wa wodiyo.